Boma Lidziwe Mwini Khomo, Koma Lisakwere Khoma

Tsiku lina madzulo ku madrasa tinali kuwerenga Surah Al-Hujurat ndi ana a kalasi yomaliza. Titafika pa ndime ya 12 tidaima, pakuti m'menemo Allah (Subhanahu wa Ta'ala) watiletsa zinthu zitatu zotsatizana: kuganizirana zoipa, kufufuzana zobisika, ndi kujedana. Tidafotokoza kuti chachiwiricho m'Chiarabu chimatchedwa tajassus, ndiko kusuzumira kapena kutchera khutu pa zimene mnzako wabisa. Mnyamata wina, amene bambo ake ndi ejenti wa ndalama za pa foni pamsika, adakweza mkono. "Ustazi," adatero, "ngati kufufuza za munthu ndi haramu, nanga boma lidatikakamiziranji kulembetsa simu khadi ndi chiphaso cha unzika? Kodi imeneyo si tajassus?"

Tidamuyankha mwachidule chifukwa nthawi ya Maghrib inali itayandikira, koma funsolo lidatiperekeza mpaka kunyumba. Sabata isanathe tidakumana ndi mbali yake ina. Mayi wina wamasiye wa pa mzikiti wathu adalandira foni kuchokera kwa munthu wodzitcha wogwira ntchito ku kampani ya lamya. Munthuyo adamuopseza kuti nambala yake itsekedwa akapanda kutsatira malangizo, namuyendetsa pang'onopang'ono mpaka ndalama zonse zimene mwana wake adatumiza kuchokera ku Johannesburg zidachoka. Zinali za feteleza. Mayiyo potifotokozera sadalire. Adangofunsa kuti, "Shehe, si paja adati nambala iliyonse tsopano ili ndi dzina la mwini wake? Nanga wakubayo akulephera bwanji kumugwira?"

Mwana akuopa kuti boma likudziwa zambiri. Mayi akudandaula kuti zimene boma likudziwazo sizidamuteteze. Onse awiri sakulakwa, ndipo pakati pa mafunso awo pagona nkhani imene Msilamu aliyense wokhala ndi foni m'thumba ayenera kuilingalira. Kodi wolamulira ali ndi ufulu wodziwa za ife mpaka pati? Ndipo zimene wadziwazo zikafika m'manja mwake, zimakhala zake kapena zimakhalabe zathu?

Momwe tidafikira pano

Kampani ya TNM idakhazikitsidwa mu 1995, ndipo Celtel idabwera mu 1999, nisintha dzina kukhala Zain, kenako Airtel mu 2010. Bungwe la MACRA, loyang'anira ntchito za lamya, wailesi ndi positi, lidabadwa ndi lamulo la Communications Act la 1998. Kwa zaka zambiri simu khadi inkagulidwa ngati mtedza pa depoti ya basi: upereke ndalama, utenge, palibe wofunsa dzina. Masiku amenewo foni inali ya malonje ndi mauthenga a maliro. Koma Airtel Money itayamba mu 2012 ndi TNM Mpamba mu 2013, kachipangizo kaja kadasanduka chikwama cha ndalama. Fizi ya sukulu, malipiro a ganyu, sadaka ya pa mzikiti ndi thandizo la ana athu a ku Joni zidayamba kudutsa momwemo. Pamene pali ndalama, akuba sachedwa kufikapo.

Mu 2016 Nyumba ya Malamulo idavomereza malamulo awiri akuluakulu. Loyamba ndi Communications Act latsopano, lomwe lidalowa m'malo mwa la 1998, nililamula kuti nambala iliyonse ya foni ilembetsedwe. Lachiwiri ndi Electronic Transactions and Cyber Security Act, lokhudza malonda a pa intaneti ndi milandu yopalamulidwa kudzera m'makina, monga kuzunza munthu ndi mauthenga kapena kulowa mu kompyuta ya wina popanda chilolezo. Mu 2017 nthambi ya National Registration Bureau idalemba nzika zoposa 9 miliyoni kuti zilandire ziphaso. Mu 2018 ziwirizi zidakumana: aliyense adauzidwa kupita ndi chiphaso chake kukalembetsa nambala, ndipo tsiku lomaliza lidaikidwa pa 30 September chaka chomwecho. Kenako mu 2024 lamulo la Data Protection Act lidayamba kugwira ntchito. Limeneli likunena za momwe aliyense wosunga mbiri ya anthu ayenera kuisamalira, kuti aitenge pa chifukwa chodziwika, asaigwiritse ntchito pa zina, ndi kuti mwini mbiriyo ali ndi ufulu wodziwa zimene zasungidwa ndi wokonzetsa zolakwika. Udindo woyang'anira lamuloli udaperekedwa kwa MACRA.

Pali nkhani ina imene ambiri aiwala. Cha m'ma 2011 kudabuka mkangano pa makina otchedwa CIRMS amene MACRA idagula, omwe anthu adawatcha makina aukazitape. MACRA inkati cholinga chake nkudziwa ngati makampani akupereka ntchito yabwino, ngati akunena zoona pa ndalama zimene amapeza, ndi kugwira achinyengo. Otsutsa ankati makinawo adzaona amene aliyense akuyankhula naye. Mlandu udayenda zaka m'makhothi, ndipo mu 2014 Bwalo Lalikulu la Apilo lidagamula mokomera MACRA. Kumayambiriro kwa 2025 mkangano wofanana udabukanso, bungweli litalengeza kuti likufuna kugula makina otsatira momwe nkhani zabodza zikufalikira pa masamba a mchezo, chisankho cha September chikuyandikira. Choncho funso la mwana wa ku madrasa uja si lachibwana. Oweruza ndi maloya akuluakulu alimbana nalo.

Chimene chili kuseri kwa chitseko

Chisilamu sichidadikire makina kuti chiphunzitse za chinsinsi cha munthu. Surah An-Nur, pa ndime 27 ndi 28, ikutilamula kupempha chilolezo ndi kupereka salaam tisanalowe m'nyumba imene si yathu, ndi kubwerera mopanda kudandaula tikauzidwa kuti tibwerere. Mtumiki Muhammad (swalla Allahu alaihi wasallam) adaphunzitsa kuti kuodira nkatatu, ukapanda kuyankhidwa uchoke. Adafotokozanso kuti lamulo la kuodira lidaikidwa chifukwa cha maso, kutanthauza kuti wosuzumira pa kabowo ka chitseko walowa kale ngakhale mapazi ake ali panja. Ndipo Imam Bukhari adalemba Hadith yochenjeza kuti womvetsera zokamba za anthu iwo asakufuna adzathiridwa mtovu wosungunuka m'makutu pa tsiku la Kiyama. Diso, khutu ndi phazi, chilichonse chapatsidwa malire ake.

Wina anganene kuti malamulo amenewa ndi a pakati pa munthu ndi mnansi wake, ndipo wolamulira sakhudzidwa nawo. Ma Ulama athu adayankha ndi nkhani ya Umar ibn al-Khattab (radhiya Allahu anhu), imene ambiri adailemba, mmodzi mwa iwo Imam Al-Ghazali, yemwe adamwalira mu 1111, m'buku lake la Ihya Ulum al-Din. Umar ali Khalifa ankayendera Madina usiku. Tsiku lina adamva phokoso m'nyumba ina, nakwera khoma, napeza mwini nyumba akumwa mowa. Atamudzudzula, munthuyo sadakane tchimo lake. Adangomuwerengera Khalifa kuti iye walakwa kamodzi pamene Umar walakwa katatu: wafufuza zobisika, walowera pakhoma kusiya khomo, ndipo walowa osaodira kapena kupereka salaam. Umar, amene mafumu a Roma ndi Perisiya ankanjenjemera pomva dzina lake, adavomera, namusiya munthuyo atalonjeza kulapa.

Tikhazikike pang'ono pa nkhaniyi. Mowa unalipodi, Umar sadanamizire munthu. Ngati kupezeka kwa tchimo kukadakhala kokwanira kuyeretsa njira yolipezera, Umar akadakhala wosalakwa. Koma iye adazindikira kuti khoma limene adakwera silinali la chidakwa chokha. Khalifa akaloledwa kukwera khoma la womwa mowa chifukwa chongomva phokoso, mawa adzakwera la mayi wamasiye, mkuja la wophunzira amene adamutsutsa pa mzikiti. Khoma limateteza wabwino ndi woipa pamodzi, ndipo palibe njira yoligwetsera mbali ya woipa yekha. Nchifukwa chake Imam Abu Dawud adalemba Hadith yonena kuti mtsogoleri akayamba kusakasaka zolakwa za anthu ake mowakayikira, amawaononga. Akuluakulu athu amene adakhala m'nthawi ya chipani chimodzi, referendamu ya pa 14 June 1993 isanachitike, sasowa womasulira Hadith imeneyi. Akukumbukira makalata ofika atatsegulidwa, ndi momwe munthu ankachewukira kaye asanayankhule ngakhale ali pakhonde pake. Anthu amene akudziwa kuti akumvetseredwa amaphunzira kunama ndi kunyengezera. Chiphamaso chimakula, kuopa Allah kumachepa. Malamulo oyendetsera dziko lino a 1994 adalembedwa bala limeneli lisanapole, ndipo gawo 21 likuteteza munthu kuti asasechedwe mwachisawawa, ndi kuti makalata ake ndi zonse zoyankhula pa lamya zisasokonezedwe.

Kalata ya Hatib

Komabe Shariah siidatseke chitseko chimenechi ndi msomali. M'chaka cha 8 cha Hijra, chomwe ndi 630, Mtumiki (swalla Allahu alaihi wasallam) ankakonzekera mwachinsinsi ulendo wopita ku Makkah. Swahaba wina, Hatib ibn Abi Balta'ah, adalemba kalata yodziwitsa Akuraishi za ulendowo, naipatsira mayi wina wapaulendo. Allah adamudziwitsa Mtumiki wake, ndipo iye adatuma Ali, Zubair ndi Miqdad (radhiya Allahu anhum) ku malo otchedwa Rawdat Khakh. Adampeza mayiyo, iye adakana, iwo adaumirira, mpaka adatulutsa kalatayo m'tsitsi lake loluka. Apa tikuona uthenga wa munthu ukulandidwa panjira ndi kuwerengedwa molamulidwa ndi mtsogoleri. Nkhaniyi ili m'mabuku a Bukhari ndi Muslim, ndipo chiyambi cha Surah Al-Mumtahanah chidatsika pa nkhani yomweyi.

Wofuna kulungamitsa ukazitape angakondwere nayo nkhaniyi, koma aione bwino. Choopsacho chinali chachikulu: miyoyo ya gulu la anthu 10,000, ndi mwazi umene ukadakhetsedwa mu mzinda wopatulika. Otumidwawo adapita kwa munthu mmodzi, pamalo amodzi, kukafuna kalata imodzi. Sadaimitse aliyense wotuluka m'Madina kuti amasule katundu wake. Chidziwitso chinali chotsimikizika chisanachitike chilichonse, sadasechere kuti mwina apezapo kanthu. Ndipo kalatayo itafika, Mtumiki adamuitana Hatib namufunsa. Hatib adafotokoza kuti iye sanali Mkuraishi wobadwa, kuti banja lake linali ku Makkah lopanda abale oliteteza, ndipo ankafuna kuti Akuraishi amukumbukire ndi chabwino. Umar adapempha kuti amudule khosi, koma Mtumiki adakana, nakumbutsa kuti Hatib adamenya nawo nkhondo ya Badr. Ngakhale wogwidwa ndi umboni m'manja adamvedwa kaye.

Pali chinanso. Mtumiki adadziwa za kalatayo kudzera mu Wahyi, ndipo Wahyi udatha. Palibe nduna, wapolisi kapena mkulu wa bungwe lero amene anganene kuti wauzidwa ndi Allah foni yoti aitsegule. Chimene chingaime m'malo mwake ndi umboni woperekedwa kwa woweruza amene sali pansi pa wopemphayo. Qadhi Al-Mawardi wa ku Baghdad, yemwe adamwalira mu 1058, adalemba za ichi m'buku la Al-Ahkam al-Sultaniyyah pofotokoza ntchito ya muhtasib, woyang'anira misika ndi khalidwe la pagulu. Adati muhtasib alibe ufulu wofufuza zoipa zobisika, pokhapokha munthu wodalirika atamuuza za choipa chimene chikachitika sichingabwezedwe, monga kuti wina watsekera mnzake m'nyumba kuti amuphe. Gawo 44 la malamulo athu oyendetsera dziko likuyenda njira yofanana, pamene likuti ufulu ungachepetsedwe pokhapokha lamulo litanena, pali chifukwa chomveka, ndipo kuteroko nkofunikadi m'dziko la ufulu.

Dzina, mapazi ndi mawu

Tsopano tibwerere ku foni. Timalakwitsa tikamaika zonse zimene boma lingadziwe m'thumba limodzi, pakuti zilipo zamitundu itatu.

Choyamba ndi dzina la mwini nambala. Ili tikulifanizira ndi kudziwa mwini khomo. Nyakwawa amadziwa kuti nyumba iyi ndi ya uje, ndipo palibe amene amati wachita ukazitape. Nambala imene ingalandire ndalama za mayi wamasiye siyenera kukhala yopanda mwini. Ma Ulama amawerenga zinthu zisanu zimene Shariah idadzera kudzateteza: chipembedzo, moyo, nzeru, mtundu ndi chuma. Ndime yaitali koposa zonse m'Qur'an, ya 282 mu Surah Al-Baqarah, ikukamba za kulemba ngongole ndi kuikapo mboni. Chipembedzo chimene chimalamula kulemba ngongole ya pakati pa anthu awiri sichingadane ndi kulemba mwini chikwama chimene ndalama za dziko lonse zikudutsamo. Pamenepa tikumuuza mwana wathu uja kuti kulembetsa simu khadi pakokha si tajassus.

Chimodzimodzinso kuyang'anira makampani. Ntchito yaikulu ya muhtasib inali kuyesa sikelo za amalonda, ndipo Surah Al-Mutaffifin idatsika kudzaopseza ochepetsa muyezo. Wogula chimanga angathe kuona ndowa ndi maso ake. Wogula mayunitsi kapena bandulo ya intaneti saona kanthu. Amangouzidwa kuti zatha. Sikelo ya masiku ano ili m'makompyuta a kampani, ndipo wosauka alibe njira yoiyesera. Bungwe limene lingalowe m'menemo kukaona ngati mphindi ikukwanadi mphindi likugwira ntchito yoyamikika.

Chachiwiri ndi mapazi. Nthawi iliyonse tikaimba foni, kampani imasunga nambala imene taimbira, nthawi yake, kutalika kwa kuyankhulako, ndi mlongoti wa netiweki umene foni idalumikizana nawo. Amene amateteza kusonkhanitsa zimenezi amakonda kunena kuti sakumva mawu, akungoona manambala. Koma mlenje safunikira kumva kulira kwa nyama kuti adziwe komwe imagona; mapazi amamukwanira. Wodziwa kuti mayi wakuti amaimbira chipatala chakuti mwezi ndi mwezi, kuti bambo wakuti adaimbira loya atangokangana ndi mkazi wake, kuti mnyamata wakuti adayankhula ndi mtolankhani dzulo la nkhani yotentha, wadziwa zimene eni akewo sadauze ngakhale abale awo. Ameneyu wasuzumira pa kabowo ka chitseko, ndipo Mtumiki adatiuza kale kuti wosuzumira walowa. Mapazi amenewa atsatidwe monga idatsatidwira kalata ya Hatib: munthu mmodzi, mlandu wodziwika, chilolezo cha woweruza.

Chachitatu ndi mawu enieniwo, ndiko kukwera khoma kwenikweni. Mauthenga a WhatsApp amayenda atatsekedwa mwakuti kampani ya lamya siingawawerenge panjira, koma foni ikalandidwa, kapena wina wa m'gulu akajambula macheza naawatulutsa, zonse zimakhala poyera. M'zaka zapitazi anthu amangidwapo m'dziko muno pansi pa lamulo la 2016 lija chifukwa cha zimene adalemba pa WhatsApp ndi Facebook zokhudza atsogoleri. Ife sitiikira kumbuyo kutukwana; Msilamu satukwana mtsogoleri ngakhale wopemphapempha. Koma tili ndi ufulu wofunsa kuti liwiro lili kuti. Ngati wonyoza munthu wamkulu apezeka msanga pamene wobera mayi wamasiye sapezeka konse, ndiye kuti chida chimene tidachivomera kuti chiteteze ofooka chikulondera amphamvu.

Mlonda naye alonderedwe

Pali mawu amene timawamva kawirikawiri, ngakhale kwa anthu opemphera: wopanda chobisa alibe choopa. Mawuwa amaoneka ngati a taqwa, koma akusokoneza Mlengi ndi cholengedwa. Allah yekha ndiye ali ndi ufulu woona zonse, chifukwa Iye yekha salakwitsa, sadya ziphuphu, sasunga mangawa, ndipo amadziwa cholinga cha mumtima. Kalaliki wa mu ofesi amaona chidutswa cha macheza, sadziwa chimene chidatsogola kapena chotsatira, ndipo mwina ali pa ngongole. Tonsefe timatseka chitseko cha bafa ngakhale kusamba si tchimo. Matenda, umphawi, mkangano wa m'banja, sadaka imene dzanja lamanzere siliyenera kuidziwa, zonsezi ndi zobisika zopanda tchimo.

Mbiri yathu yomwe ikutiphunzitsa. Barid, ntchito yonyamula makalata a boma, imadziwika kuti idakhazikitsidwa ndi Mu'awiyah ibn Abi Sufyan. Pofika nthawi ya ma Abbasi, mkulu wa barid m'chigawo chilichonse ankatumizanso kwa Khalifa malipoti achinsinsi okhudza abwanamkubwa, oweruza, mitengo ya pamsika ndi zokamba za anthu. Njira ya makalata ndi njira ya akazitape zidakhala msewu umodzi. Wonyamula uthenga nthawi zonse amayesedwa kuti autsegule, ndipo wolamulira nthawi zonse amayesedwa kuti amupemphe kutero. Tisayese kuti ife ndife oyera kuposa iwo.

Nchifukwa chake tikuona kuti lamulo la 2024 ndi sitepe yabwino imene yatsala theka. Bungwe limene limapereka ziphaso kwa makampani a lamya, limene lidalamula kulembetsa manambala, limenenso lidagula makina aja, ndi lomwelo lapatsidwa udindo woteteza mbiri yathu. Sitikunena kuti ogwira ntchito kumeneko ndi oipa. Tikunena kuti ngakhale Umar adasowa munthu womukumbutsa za khoma, ndipo womukumbutsayo sanali wantchito wake. Nzika yodandaula ndi mlonda iyenera kukhala ndi kwina kokadandaula. Aphungu athu afunse chaka ndi chaka kuti ndi kangati mbiri ya mafoni a anthu idapemphedwa, ndani adapempha, ndipo ndi kangati woweruza adakana. Lamulo la Access to Information Act, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2020, likupatsa nzika njira yofunsira zimene maofesi a boma akuchita. Nkhanga zidapangana kusanapse. Malire aikidwe lero, pamene wolamulira ndi amene ukumukonda, chifukwa makina sachoka ndi boma limene lidawagula. Surah An-Nisa, ndime ya 58, ikulamula kubweza amana kwa eni ake ndi kuweruza mwachilungamo, ndipo akatswiri a tafsir ambiri adati oyamba kulankhulidwa m'menemo ndi olamulira. Dzina ndi chidindo cha chala zimene tidapereka mu 2017 ndi amana. Tidasungitsa, sitidagulitse.

Khoma limene timakwera tokha

Zikadakhala zophweka kuthera pamenepa, titaloza boma chala. Koma funso la mayi wamasiye silidayankhidwe. Nchifukwa chiyani wakuba sapezeka pamene nambala ili ndi dzina? Nthawi zambiri dzinalo si lake. Nambala idalembetsedwa pa chiphaso cha agogo a kumudzi amene adachipereka kwa munthu wowalonjeza thandizo, kapena pa chiphaso chimene wina adachijambula mwini wake asakudziwa, kapena cha mnyamata amene adabwereketsa chake posinthana ndi ndalama ya mayunitsi. Wofufuza akatsatira dzinalo amakafika pakhomo pa munthu wosalakwa. Lamulo lidamanga mpanda, koma mabowo tidaboola ndife.

M'bale wathu amene ndi ejenti adziwe kuti chiphaso chimene kasitomala wamupatsa ndi amana yolemera kuposa ndalama za m'kabati. Kulembetsa nambala yachiwiri pa chiphasocho mwini wake asakudziwa ndi khiyana, ndipo nkuika umboni wabodza m'kaundula wa dziko. Ndalama iliyonse imene idzabedwe kudzera pa nambalayo ili ndi gawo lake. Kuuza mwamuna wina kuchuluka kwa ndalama zimene mkazi wake watapa, kapena kufalitsa pamsika kuti banja lakuti lalandira zochokera ku Joni, nkuulula chimene adachidziwa chifukwa cha ntchito yokha. Ndipo wobwereketsa chiphaso chake kwa munthu wosamudziwa bwino akumbukire kuti safunsa adadya phula.

Tilowenso m'nyumba zathu. Ndi angati mwa ife amene amadikira kuti mkazi kapena mwamuna apite kukasamba kuti atsegule foni yake? Imam Muslim adalemba kuti Mtumiki adaletsa mwamuna kufika kunyumba usiku modzidzimutsa ndi cholinga chokayikira banja lake kapena kusaka zolakwa zawo. Ngati kufika pakhomo pako pomwe ndi mtima wotere kudaletsedwa, nanga kuba nambala yachinsinsi ya foni? Amene ali ndi chikaiko ayankhule, aitane ankhoswe, afunse ma Shehe. Makolo ali ndi udindo pa ana aang'ono, ndipo kuyang'anira foni ya mwana nkoyenera, koma kuchitike poyera, mwanayo akudziwa kuti ili ndi lamulo la pakhomo pano. Mwana woleredwa ndi ukazitape amangophunzira kubisa mwaluso.

Ndipo m'magulu athu a WhatsApp, ngakhale okhala ndi mayina a mizikiti, ndi kangati tamvetsera uthenga wa mawu umene mlongo wathu adatumizira munthu mmodzi yekha, kapena kuona chithunzi chochititsa manyazi mwana wa mnzathu, nkuchitumiza patsogolo? Ndime ya 6 ya Surah Al-Hujurat yomwe ija ikutilamula kutsimikiza nkhani tisanaichitepo kanthu, kuopa kupweteka anthu mosadziwa nkudzanong'oneza bondo. Ndipo ngakhale nkhaniyo ikhale yoona, Mtumiki adalonjeza kuti wobisa manyazi a Msilamu, Allah adzabisa ake. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Sitingapemphe boma kuti litsike pa khoma lathu pamene ife tili pamwamba pa khoma la mnansi.

Kwa mwana wathu wa ku madrasa tikuti: lembetsa nambala yako m'dzina lako lenileni, pakuti wolamulira ali ndi ufulu wodziwa mwini khomo. Koma usaleke kufunsa, chifukwa funso lako ndi lomwe munthu wa ku Madina uja adafunsa Umar, ndipo Umar sadamukwiyire. Kwa mayi wathu tikuti: dandaulo lanu ndi loona, ndipo mlandu wake uli pa onse amene adalandira dzina lanu ndi lonjezo lokutetezani, komanso pa aliyense wa ife amene adathandiza wakuba kuvala dzina la wina. Ana a pa mzikiti adasonkha kangachepe, ndipo thumba limodzi la feteleza lidagulidwa m'malo mwa awiri.

Tikupempha Allah atipatse atsogoleri olowera pakhomo, atipange kukhala osunga amana, ndipo abise manyazi athu pano ndi pa tsiku limene zobisika zonse zidzaululidwe. Ameen. Allah ndiye Wodziwa koposa.